Denga la ku Salima limene linkadontha mu Juni

Nyumba imene ndikusimba pano ili kunja pang'ono kwa tawuni ya Salima, mbali ya msewu wopita ku Senga Bay. Mwini wake ndi mayi amene anapuma ntchito yauphunzitsi. Anandiimbira foni mu Okutobala, nyengo ija masana nkhuku zimangoyasama pansi pa mtengo, ndipo anandiuza mavuto awiri amene iwo ankawaona ngati osiyana. Loyamba, m'nyumba simugoneka. Dzuwa likalowa kunja kumayamba kupita kamphepo, koma m'zipinda mumakhalabe ngati mu uvuni mpaka pakati pa usiku, moti adzukulu awo ankayala mphasa pakhonde. Lachiwiri, denga likudontha, ndipo siling'i ya kuchipinda kwawo ndi ya pafupi ndi bafa zadetsedwa ndi madontho abulawuni.

"Koma chondizunguza mutu, amisiri, n'choti limadontha kwambiri mu Juni, mvula itasiya kalekale," anatero.

Ine ndine kalipentala, ndimakhala ku Lilongwe, ndipo ntchito yanga yaikulu ndi yokhoma madenga. Nditamva za Juni ndinadziwiratu kuti sindikupita kukafunafuna bowo pa malata.

Zimene ndinapeza

Nyumbayo ndi ya mamita 12 m'litali ndi mamita 8 m'lifupi. Denga lake ndi la mapiko awiri okumana pa msana umodzi, lopendekera madigiri pafupifupi 20, lofoleredwa ndi malata a IBR a geji 28. Mathirasi, mafelemu a matabwa osenza denga, ndi a paini, otalikirana mita imodzi ndi masentimita 20. Amene anamanga sanali mmisiri wolephera ayi. Mizere ndi yowongoka, mapalini, matabwa opingasa amene malata amakhomeredwapo, ali m'malo mwake. Koma denga limeneli analitseka ngati chitini cha nsomba. Pamwamba, malata a mbali ziwirizo anawagundanitsa osasiya mpata, kenaka atavundikira riji, lata lopinda lophimba msana wa denga, anatsira matope a simenti m'ngalande zonse za malata pansi pa rijiyo. M'munsi, beam filling, njerwa zija zodzaza mpata wa pakati pa khoma ndi denga, inafika mpaka kukhudza malata, n'kuipaka pulasitala. Pa makoma awiri akumapeto panalibe ngakhale njerwa imodzi ya mabowo.

Wina amene anaitanidwa ine ndisanafike anapaka phula pa mutu wa msomali uliwonse. Denga lonse linali mawangamawanga ngati nkhanga, koma madontho sanasiye.

Ndinalowa kudenga cha m'ma 11 koloko m'mawa kudzera pa kachitseko ka m'siling'i. Chimene chinandilandira ndi fungo la mileme, lija lolasa m'mphuno, ndi mpweya wowuma wotentha umene umakupangitsa kupuma mwatheka. Ndinali ndi kachipangizo koyezera kutentha kamene kamalekezera pa madigiri 50. Ndinakapachika pa thirasi, ndipo pasanathe mphindi khumi kanali katafika kumapeto. Utomoni wa paini unali utasungunuka n'kuyenderera m'mbali mwa matabwa. Mawaya amagetsi amene anangowagoneka pafupi ndi malata anali atauma khungu, ena akuyamba kung'aluka ukawapinda. Izi zinandidetsa nkhawa kuposa madontho aja. Waya wamba wokutidwa ndi PVC anapangidwa kuti asapitirire madigiri 70, ndipo ukamuika pamalo potentha kale chonchi, mphamvu imene angasenze bwinobwino imachepa.

Nditawalitsa tochi kunsi kwa malata ndinapeza umboni umene ndinkaufuna. Panali mizere yoyera ngati ufa yotsetsereka kuchokera kumtunda, yolekezera pa palini iliyonse, ndipo pamwamba pa mapalini panali pakuda ndi nkhungu. Madzi a mvula olowera pa msomali amasiya banga pamalo amodzi. Awa anali paliponse, ngakhale pakati pa lata pomwe palibe msomali, ndipo anachuluka pamwamba pa bafa. Pamenepo ndinapeza kuti siling'i anaiboola bowo lalikulu lodutsira paipi, osalitseka. Nthunzi yonse ya madzi osamba inkakwera molunjika kudenga.

Nditatsika ndinawafotokozera mayiwo motere. Usiku wa mu Juni ndi Julayi kumwamba kukayera, lata limazizira msanga kuposa mpweya umene uli pansi pake. Mpweyawo ukakhala ndi chinyezi, ndipo kuno kufupi ndi nyanja chinyezi sichisowa, umasiya madzi pa lata monga mmene botolo la chakumwa chochokera mufiriji limachitira thukuta. Mbandakucha thukutalo limatsetsereka, likagunda palini limadontha. Masana lata lomwelo limawotcha mpweya umene ulibe kothawira, mpweyawo n'kuwotcha siling'i ndi njerwa za pamwamba pa makoma, ndipo njerwazo zimabweza kutenthako m'zipinda usiku. Mavuto awiri aja gwero lake ndi limodzi. Denga silikupuma.

Masamu ake

Sindikonda kuboola denga la munthu mongoyerekeza ndi maso. Muyezo umene ndimagwiritsa ntchito ndi wochokera m'malamulo a zomangamanga a ku America otchedwa International Residential Code. Amati malo otseguka opitira mpweya akhale gawo limodzi mwa magawo 150 a kukula kwa siling'i. Amalola kutsika mpaka gawo limodzi mwa 300 ngati mipatayo yagawidwa bwino pakati pa kumtunda ndi kunsi, koma ine kumadera otentha monga Salima, Mangochi, Karonga kapena kuchigwa cha Shire sindiyang'anako n'komwe ku 300. Ndimatenga 150 ngati poyambira.

Nyumba ya mamita 12 ndi 8 ili ndi masikweya mita 96. Tikagawa ndi 150 tipeza 0.64, kutanthauza masikweya sentimita 6,400. Theka lake, 3,200, likhale lotulukira mpweya pa msana. Theka linalo likhale lolowera m'munsi, ndipo ngati pali mbali yoti ipose inzake, ipose ndi yolowera.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Mpweya wotentha umapepuka n'kukwera, zoona, koma sungatuluke ngati palibe wina wobwera kudzatenga malo ake. Amene anakulira m'maesiteti a fodya ku Kasungu akudziwa zimenezi bwino kuposa ine. Balani yowotchera fodya ili ndi timazenera tapansi ndi tapamwamba, ndipo wowotcha akafuna kuchotsa chinyezi m'masamba amasewera ndi tonse tiwiri. Akatsegula tapamwamba tokha, fodya amangokhala mu nthunzi yake. Denga la malata lokhala ndi siling'i ndi chimodzimodzi. Nyumba za udzu za agogo athu sizinkafuna masamu amenewa chifukwa udzu umapuma paliponse.

Tinagwirizana theka

Za kutsegula msana mayiwo anavomera, ngakhale monyinyirika. "Walira mvula walira matope, amisiri. Mukanditsegulira mphepo, musanditsegulirenso madzi." Koma nditatchula zogumula beam filling anakana kwamtuwagalu. Chifukwa chawo chinali chomveka ndipo ndinachilemekeza. Udzudzu wa Anopheles, umene umafalitsa malungo, umakonda kulowera pa mpata wa pakati pa khoma ndi denga, n'chifukwa chake azaumoyo amalangiza kutseka mipata imeneyi. Mdzukulu wawo wina anagonekedwapo m'chipatala ndi malungo. Munthu wotere sungamuuze kuti aboole khoma chifukwa cha masamu a papepala. Tinapangana kuti tiyambe ndi msana, kenaka tione. Ndinawauza poyera kuti payekha msanawo suthandiza kwenikweni.

Mileme kaye

Tisanakhudze lata tinayamba ndi alendo aja. Madzulo ndinakhala panja ndi anyamata anga awiri, aliyense mbali yake, kuyang'ana kumene mileme ikutulukira. Inkatulukira pa mng'alu wa matope kumapeto kwa riji, mpata woti chala chaching'ono chimalowa movutikira. Titaona kuti kudenga kulibe ana osauluka, tinadikira kuti yonse ituluke kukasaka, n'kutseka mng'aluwo ndi chiguduli usiku womwewo. Sindilola kuithira mankhwala. Ikafera m'kati fungo lake limakhala miyezi, komanso mileme imeneyi ndi imene imadya tizilombo touluka usiku.

Zitosi zake tinaziwaza madzi pang'ono tisanasese, titavala zotseka pakamwa ndi mphuno. Fumbi la zitosi za mileme limatha kukhala ndi tizilombo toyambitsa nthenda ya m'mapapo yotchedwa histoplasmosis, ndiye si zosesa zouma. Tinatsitsa matumba anayi a simenti odzaza ndi zitosizo, ndipo mayiwo anati tiwathirire m'munda wa masamba.

Ntchito ya pa msana

Anzanga ena amaonera mavidiyo pa YouTube n'kubwera ndi maganizo a ku America, kumene amacheka thabwa la pansi pa denga mbali zonse ziwiri za msana n'kuyalapo chipulasitiki chochita kugula chopindidwa ngati mphasa. Zimenezo n'za madenga awo a timapale ta phula. Pa malata athu tiyenera kupanga tokha, ndipo zipangizo zake zonse zimapezeka m'mashopu a hadiweya.

Lata la IBR limafolera masentimita 68.6 m'lifupi, lili ndi ngalande zinayi, ndipo nthiti zake n'zotalika mamilimita 37. Riji wamba imakhala pamwamba pa nthitizo. Pulani yanga inali yoti ndicheke mpata pa nsonga, ndipinde milomo ya ngalande kuti madzi asabwerere m'kati, kenaka ndikweze riji yatsopano yotambalala masentimita awiri ndi theka pamwamba pa nthiti. Msana wotseguka ukhale mamita 11, kusiya theka la mita mbali iliyonse losacheka. Mamita 11 mbali ziwiri ndi mamita 22. Tikachulukitsa ndi mpata wa masentimita 2.5 tipeza masikweya sentimita 5,500. Ndimachotsapo gawo limodzi mwa atatu chifukwa cha waya ndi zochirikizira, n'kutsala pafupifupi 3,600. Zapitirira 3,200 ija.

Tinkakwera 5 koloko m'mawa n'kutsika 9 koloko isanakwane. Ikapitirira nthawi imeneyo lata la ku Salima mu Okutobala limawotcha bondo ngakhale wavala ovolosi. Magetsi tinkathimitsa pa meni switchi, ndipo aliyense ankamanga chingwe m'chiuno chodutsa pa msana n'kukamangidwa ku mzati wa khonde la mbali inayo. Poyenda timaponda m'ngalande, pa mzere wa misomali pomwe pansi pali palini. Ukaponda nthiti ya geji 28 imaphwatalala, ndipo siidzukanso.

Tsiku loyamba linathera pa kuchotsa riji yakale ndi kugogoda matope aja. Pansi pa matope malata anali atayamba dzimbiri, chifukwa simenti imasunga chinyezi komanso imadya utoto wa lata. Tinapala ndi burashi ya waya n'kupaka penti yoteteza ku dzimbiri ya red oxide. Kenaka tinamenya chingwe cha choko masentimita 4 kuchokera pa nsonga mbali iliyonse, kuti mpata wonse ukhale masentimita 8.

Mnyamata wanga wamkulu anafuna kubwereka gulaindala kwa wowotcherera zitsulo wapafupi. "Bwana, ndi sizasi titha mawa." Ndinamuuza kuti tithe mawa lomwelo. Gulaindala imapsereza zinki m'mphepete mwa pochekapo, ndipo tizitsulo tamoto timene imamwaza timamatirira pa utoto n'kuchita dzimbiri mvula yoyamba ikangogwa, denga lonse n'kukhala madontho ofiira. Choopsa kwambiri, pansi pathu panali paini wouma gwaa, wodzaza utomoni. Kamoto kamodzi n'kokwana. Tinacheka ndi sizasi ya malata, manja n'kutuluka matuza, koma mzere unatuluka woyera.

Kupinda milomo ndiyo ntchito imene imafuna mtima wodekha. Ngalande iliyonse, kumapeto kwake kwa kumtunda, umaigwira ndi pulayala ya kamwa lotambalala n'kuikweza pang'onopang'ono mpaka mlomo utaima pafupifupi kufanana ndi nthiti. Umayamba pakati, kenaka kumanja, kenaka kumanzere, osafuna kumaliza ndi kamodzi. M'makona chitsulo chimafuna kupindika ngati khutu la galu, ndipo uyenera kuchilola, osachicheka. Mlomo umenewu ndi umene umaimitsa madzi amene mphepo ikuwakankha kukwera phiri. Panali ngalande zoposa 120. Ine ndinapinda za mbali ya kumadzulo ndi zina za kum'mawa, zotsalazo ndinasiyira mnyamata wamng'ono amene anali atangoona kawiri mmene ndikuchitira. Sindinabwerere kukaziona imodziimodzi, ndipo kumeneko kunali kulakwa kwanga.

Pamwamba pa mpatawo tinayala waya wa mabowo a mamilimita 6, wopakidwa zinki, ngati chishalo pa msana wa bulu, n'kumumanga ndi mariveti pa nthiti iliyonse. Ndinasankha dala waya ameneyu m'malo mwa gozi wa udzudzu. Gozi amatsekeka ndi fumbi ndi ukonde wa akangaude m'chilimwe chimodzi, ndipo pansi pa riji palibe amene adzakwere kukamupukuta. Waya wa mamilimita 6 amatsekereza mileme, mpheta ndi makoswe, koma udzudzu umadutsa. Ndinawauza mayiwo zimenezi osabisa, n'kuwalonjeza kuti mpanda wa udzudzu tiumanga pa siling'i.

Zochirikizira riji zinali tizidutswa ta square tube ya mamilimita 25, totalika masentimita 10, topakidwa red oxide m'kati ndi kunja. Tinagoneka kamodzi pa nthiti, kudumpha nthiti imodzi, kenanso kena, tonse 64. Riji tinakapinditsa ku Lilongwe, zidutswa 6 za mamita 2.4, yotambalala masentimita 60 kuti phiko lililonse likhale masentimita 30 ndi kuphimba lata mokwanira. Riji yogula kale m'shopu imakhala yopapatiza, ndipo ukaikweza mvula imafika pa mpata mosavuta. Zidutswazo tinazisanjikiza masentimita 20, milomo yake itafulatira kumene mayiwo anati mvula yamkuntho imakonda kuchokera. Zoterezi mwini nyumba ndiye amadziwa, mlendo ungonamizira.

Pomanga sitinagwiritse msomali. Tinagwiritsa masikuluwu a mamilimita 100 okhala ndi mawashala a labala, odutsa pa riji, pa kachitsulo, pa nthiti mpaka kuluma palini ya pamwamba. Riji yokwezedwa ili ngati phiko, mphepo ikalowa pansi pake imafuna kuinyamula, ndipo amene amakhala m'mbali mwa nyanja akudziwa zimene mwera ndi mikuntho ya mvula zoyamba zimachita pa madenga. Msomali umasukusika n'kuzuka. Sikuluwu uimange mpaka labala itagwira, osati mpaka itafinyika n'kutuluka m'mbali. Kumapeto konse kuwiri tinatseka ndi timalata topinda.

Masabata awiri a msana wokha

Nditabwerako patatha masabata awiri, mayiwo anandilandira ndi madzi akumwa ndi mawu achindunji: "Fungo la mileme latha, zikomo. Koma kutentha, amisiri, ndinganame."

Ndinayatsa koyilo ya udzudzu n'kuwapempha kuti aime pa mpando alowetse mutu pa kachitseko ka m'siling'i. Ndinaika koyilo pakati pa denga. Utsi unakwera mwaulesi, n'kumazungulirazungulira pansi pa msana, wina kutuluka mbali imodzi pamene kamphepo kakulowa mbali inayo. Kenaka ndinatsika n'kuimika koyilo yomweyo m'bafa, pansi pa bowo la paipi lija. Utsi unathamangira m'bowomo ngati wina akuukoka ndi chingwe. Ndinachita chimodzimodzi pa nyale ya pabalaza ndi pa konisi, kathabwa kophimba pokumana siling'i ndi khoma, imene inasiyana ndi khoma kukhitchini. Konse utsi unkayamwidwa.

Sindinafunikenso kulankhula zambiri, mphunzitsi ndi mphunzitsi. Anaona okha kuti denga likufuna mpweya, ndipo posowa khomo likuukoka m'nyumba kudzera m'ming'alu, pamodzi ndi nthunzi ya kubafa ndi ya mapoto. Zikanakhala choncho mpaka Juni, thukuta lija likanabweranso. Anaonanso china chimene ine sindinatchule. "Ndiye kuti ming'alu imeneyi ndi imene udzudzu ungatsikire?" Ndinati eya, ndipo inalipo kale ife tisanabwere. Anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Boolani. Koma gozi wake ndikasankha ndekha."

Makomo a mpweya

Pakati pa thirasi ndi thirasi pali zigawo 10 mbali iliyonse, zonse 20. M'chigawo chilichonse tinagumula beam filling bowo la masentimita 40 m'litali ndi 10 m'mwamba. Limodzi ndi masikweya sentimita 400, onse pamodzi 8,000. Gozi wa udzudzu ndimamuwerengera kuti amadya theka, ndiye patsala 4,000, kuposa 3,600 za pa msana monga ndinkafunira. Bowo lililonse tinaliikira felemu ya thabwa lopakidwa mankhwala a chiswe, gozi wa aluminiyamu, ndi waya wa mamilimita 6 kunja kwake kuti makoswe asamuboole. Mafelemuwo ndi omanga ndi masikuluwu, kuti gozi akang'ambika asinthidwe popanda kuswa khoma. Ali pansi pa mthunzi wa denga, kuseri kwa fesha bodi, pomwe mvula siifika koma tsache lalitali limafika.

Kenaka tinatembenukira ku siling'i, ndipo ndinganene kuti tsiku limeneli linali lofunika mofanana ndi masiku a pa msana. Bowo la paipi tinalitseka ndi kathabwa kocheka mozungulira. Konisi yonse tinaikhomanso n'kumata mng'alu wake. Pa nyale iliyonse tinamata pozungulira waya. Kachitseko ka m'siling'i tinakaikira labala m'mphepete ndi kokowera kuti kazikhala kothina. Bafa tinaliboolera mpata wakewake pakhoma, wokhala ndi gozi, kuti nthunzi izipita panja. Wamagetsi anabwera kudzasintha mawaya ouma aja n'kuwalowetsa m'mapaipi, kutali ndi malata.

Titabwereza za koyilo, utsi woikidwa panja pafupi ndi bowo la m'munsi unalowa, n'kukwera motsatira kunsi kwa lata, n'kukatulukira pa msana osaima panjira. M'bafa ndi pabalaza unangokwera n'kubalalika pansi pa siling'i.

Mayiwo anafunsa ngati tingawonjezere chipewa chozungulira chija amaona pa nyumba zosungiramo katundu ku Kanengo. Ndinakana. Ukachiika pafupi ndi msana wotseguka chimakoka mpweya pa msana pomwepo, popeza ndiye pafupi, ndipo mpweya wa m'munsi umasiya kuyenda. Potulukira pakhale pa mtundu umodzi.

Mvula ya mu Disembala

Mvula ziwiri zoyamba zinadutsa bwino. Yachitatu inabwera ndi mphepo yochokera kunyanja, yogwa chopingasa, ndipo m'mawa mwake foni inalira. Pasiling'i ya pabalaza panali banga latsopano lalikulu ngati mbale.

Ndinapita tsiku lomwelo. Nditamasula chidutswa chachiwiri cha riji mbali ya kum'mawa ndinapeza ngalande zitatu zotsatizana zimene makona ake anachita kuchekedwa ndi sizasi kuti mlomo upindike mosavuta. Pa kona iliyonse panali kampata kooneka ngati V. Madzi okankhidwa ndi mphepo anakwera ngalande, n'kugunda mlomo, n'kupeza njira m'makonamo. Mnyamata anachita zimene ankaganiza kuti n'zanzeru, ndipo amene anayenera kuona asanavundikire ndine. Tinamasula riji yonse ya mbali imeneyo n'kuona ngalande iliyonse. Tinapeza zina zisanu zochekedwa chimodzimodzi zimene zinali zisanayambe kudontha.

Pa kona iliyonse tinaika kachigamba ka lata ndi riveti, n'kumata ndi silikoni. Pogula silikoni ya pa malata muzinunkhiza. Ija imanunkha ngati viniga ili ndi asidi amene amadya zinki, ndipo yoyenera ndi yolembedwa kuti neutral cure. Popeza tinali titatsegula kale, ndinawonjezera kalata kopinda ngati L m'ngalande iliyonse ya mbali ya kunyanja, masentimita 10 kunsi kwa mlomo, kosiya timipata m'mbali kuti madzi azibwerera pansi. Kamathyola mphamvu ya madzi asanafike pa mlomo. Ndikanakaika poyamba pomwe, ndipo tsopano pa nyumba iliyonse yoyang'ana kunyanja ndimakaika osadikira. Bodi ya siling'i yonyowayo ndinasintha ndi ndalama zanga. Mvula yonse yotsala, mpaka Epulo, sipanadonthenso.

Denga limeneli linatilola chifukwa ndi lopendekera madigiri 20. Likanakhala logona pansi pa madigiri 15 sindikanalitsegula pa msana, chifukwa pa denga logona madzi okankhidwa ndi mphepo amakwera mtunda wautali. Pamenepo ndikanafuna potulukira pa makoma akumapeto.

Mmene zilili tsopano

Mu Juni ndinagona ku Salima dala kuti ndikwere kudenga mbandakucha. Kunja udzu unali wonyowa ndi mame. Kunsi kwa malata ndinapeza kachinyezi kopyapyala koti ukapititsa chala kamasiya mzere, koma kopanda dontho lolendewera, ndipo dzuwa litangotuluka kanauma. Pamwamba pa mapalini panali pouma. Siling'i tinaipaka penti yoyera mwezi womwewo, ndipo mpaka lero palibe banga labwerera.

Za kutentha ndinena mosamala, chifukwa sindifuna wina akaboole denga lake akuyembekezera firiji. Okutobala wotsatira kachipangizo kanga kaja sikanafikenso kumapeto, ndipo ndinatha kukhala kudenga masana n'kumanga waya popanda kuthawa. M'zipinda masana mumatenthabe. Lata lotentha limawomba siling'i ndi kutentha kwake molunjika, monga mbaula imakuwotchera nkhope ngakhale pakudutsa mphepo, ndipo mpweya woyenda sungachotse zonsezo. Kusintha kwakukulu kuli madzulo. Dzuwa likalowa denga limataya kutentha msanga, ndipo mayiwo akuti ikamakwana 9 koloko m'zipinda mumakhala mogoneka. Adzukulu anabwerera m'nyumba, m'maneti awo.

Chotsala ndi pepala lonyezimira lija loyala pansi pa malata, limene limabweza kutentha kowomba molunjika. Kuliika bwino kumafuna kuchotsa malata, ndiye tinapangana kuti tidikire nthawi yosintha denga, ndipo podzaliyala tidzalicheke pa msana ndi pa mabowo a m'munsi kuti lisatseke njira imene tatsegulayi. Pakadali pano ndinawasiyira ntchito ziwiri. Gozi wa m'mabowo 20 aja azimupukuta ndi tsache lofewa kumapeto kwa Seputembala, fumbi la chilimwe litachuluka, komanso mvula ikatha. Ndipo akaona udzu ukulendewera pansi pa riji andiimbire, chifukwa mpheta zimatha kumanga zisa pamwamba pa waya n'kutseka mpata. Sabata yatha anaimba kuti aona udzu kumapeto kwa kumpoto. Ndipitako Loweruka ndi waya wina woti tikatchinge mlomo wakunja wa riji.